Safunsa Adadya Phula: Za Mlendo Wanjala pa Boma la Mchinji

Lero ndalemba mtima uli wowawa pang'ono, choncho mundikhululukire ngati mawu ena atuluke ndi minga. Nkhani yake ndi ya nsima, koma gwero lake ndi nthenda imene ndikuiona ikufalikira pakati pa ana athu ophunzira: manyazi ofunsa munthu mnzawo.

Mu Ogasiti 2024 mdzukulu wanga wina, amene adakulira ku Blantyre ndipo adaphunzira mpaka ku yunivesite, adabwera kumudzi kudzanditenga kuti tipite limodzi ku mwambo wa Kulamba. Amene simudziwa, uwu ndi mwambo umene Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo umachitika Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti. Tidafika pa Boma la Mchinji Lachisanu dzuwa lili paliwombo, m'mimba mukulira. Ine pa Bomapo ndidali mlendo ngati iye yemwe. Kale ndinkapadziwa ngati chikhato changa, masiku amene ife aphunzitsi tinkapalasa njinga kudzalandira malipiro, koma amayi amene ankatiphikira nthawi imeneyo adatsikira kulichete, ndipo pamene padali zisakasa zawo lero pali nyumba za njerwa. Ndidati, "Mdzukulu, tiye tifunse amayi awo akugulitsa tomatowo kuti anthu amadya kuti muno." Iye adaseka mwaulemu ndithu, natulutsa foni m'thumba. "Agogo, masiku ano safunsa. Foni ikutiuza pompano. Onani, malo awa ali ndi nyenyezi zinayi ndi theka."

Ndidakhala chete, poti nkhalamba ikayankhula kwambiri paulendo amati yayamba kuvuta. Tidatsata nyenyezizo. Malowo sindiwatchula dzina, chifukwa cholinga changa si kuphera munthu malonda. Padali chikwangwani chachikulu cha Chingerezi, chitseko cha galasi, kanema wa mpira akusokosera pakhoma, ndi mnyamata wa tayi amene adatipatsa buku la zakudya la masamba anayi. Chilichonse chimene ndidaloza m'bukumo yankho lidali limodzi: "Zatha, bwana." Potsiriza adatibweretsera nsima yozizira ya mibulu, nthuli ya nkhuku yoti idagona masiku angapo mufiriji, ndi kabichi wosambira m'mafuta wokwana supuni imodzi. Ndalama imene tidalipira pa mbale ziwirizo ikadadyetsa anthu asanu ndi atatu kumsika. Usiku umenewo ku Chipata mdzukulu wangayo adayenda ulendo wa kuchimbudzi kanayi, ndipo ku Mkaika adaonera gule atagwira pamimba.

Makolo adati safunsa adadya phula. Monga ndidamvera kwa agogo anga, mlendo wina adapatsidwa chisa cha njuchi, chinthu chimene adali asadachionepo. Pochita manyazi kuti angaoneke wosadziwa, sadafunse kadyedwe kake. Uchi udamuyenderera m'zala, iye natafuna phula nameza. Onetsetsani kuti munthuyu sadali chitsiru. Chimene chidamudyetsa phula ndi kunyada, ndipo kunyada komweko ndi kumene lero kwavala jekete, kwanyamula foni.

Musandimve molakwa. Ine sindidana ndi foni. Ndi iyo imene imandifikitsira mawu a ana anga ali ku Joni. Koma tiyeni tione bwino kuti nyenyezi zija zimachokera kuti. Pa Google Maps munthu aliyense amene wafuna amapereka nyenyezi, kuyambira imodzi kufikira zisanu, ndipo makinawo amangowonkhetsa ndi kugawa, monga tinkaphunzitsira ana samu za avereji mu Sitandade 6. Ku London kapena ku Johannesburg, kumene anthu zikwizikwi amalemba za malo amodzi, bodza la mmodzi limamira m'choonadi cha ambiri. Nanga pa tauni yaing'ono ngati yathuyi amalemba ndani? Ndi alendo akunja odutsa pa ulendo wokaona nyama ku South Luangwa, ndi mabwana a mabungwe amene abwera ku msonkhano ali ndi alawansi m'thumba, ndipo mwina ndi mlamu wake wa mwini malowo, poti palibe chomuletsa. Anthu amenewa amayamikira zimene iwo amafuna: poimika galimoto, chakumwa chozizira, chimbudzi chogejemula, intaneti yaulere. Zonsezo ndi zabwino, koma palibe chimene chimalowa m'mimba. Mayi amene amadzuka tambala woyamba kukasonkha moto kuseri kwa msika alibe nthawi yolembetsa dzina lake pa mapu a m'foni, ndipo omudyera, omwe ndi oyendetsa mathiraki, anamwino, apolisi ndi ogulitsa kaunjika, akakhuta amasamba m'manja nabwerera ku ntchito. Salemba kanthu. Choncho foni ikakuuzani kuti malo abwino muno ndi atatu, dziwani kuti yakuuzani za malo atatu amene ali ndi chikwangwani. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa adzukulu ambiri sadziwa kuti kugula nsima ndi chinthu chachilendo pakati pathu. Makolo athu paulendo ankanyamula kamba: chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha, ndi chipanda cha thobwa. Kamba akatha, dzuwa likapendeka, mlendo ankapatukira m'mudzi uliwonse nafunsa kwa amfumu. Ankamuyalira mphasa, kumupatsa madzi akumwa, kumulonjera, ndipo nsima inkabwera popanda kutchula mtengo. Mlendo wolemekezeka ankamugwirira nkhuku. Ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, kutanthauza kuti usamuwerengere zimene wadya poti mawa sakhalapo. Ine ndemwe, nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi, adanditumiza ku sukulu ina ya kumudzi kumene sindinkadziwa munthu ndi mmodzi yemwe. Sabata yonse yoyamba sindidasonkhe moto. Mbale zinkangobwera, lero kwa anyakwawa, mawa kwa mayi wamasiye amene adalibe ngakhale mwana pasukulupo. Nditayesa kupereka ndalama, nkhalamba ina idandidzudzula kuti, "Aphunzitsi, mwationa ngati sitolo?"

Malo ogulitsa chakudya adadza ndi misewu, mabasi, maesiteti a fodya ndi misika ya mbewu. Poyamba adali matiyirumu a tiyi ndi sikono, kenaka nsima idatsatira. Mchinji, amene atsamunda ankamutcha Fort Manning monga ankatchulira Chipata kuti Fort Jameson, wakhala njira ya apaulendo kuyambira kale. Msewu wa M12 umachokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo, ndipo kuchoka pa Boma kukafika pa malire ndi makilomita 12 okha. Njanji ya pakati pa Mchinji ndi Chipata adaitsegulira mu 2010, ndipo mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, pamene wapaulendo amadinditsa mapepala ake a maiko onse awiri pamalo amodzi. Alendo ndi ochuluka chotere, sindingauze mayi wa pa Boma kuti aziphikira aliyense wodutsa mwaulere monga ankachitira agogo ake. Ufa amagula, nkhuni amagula. Mwambo umenewo udatsala kumudzi, ndipo nakonso ukuwonda. Koma chilipo chimodzi chimene chidapulumuka, ndipo mpaka lero sichigulitsidwa: munthu wa kuno ukamupatsa moni waulemu ndi kumufunsa njira, amasiya chimene akuchita nakulozera, mwina kukuperekeza kumene. Cholowa chimenechi ndi chimene adzukulu anga mukuchitaya chifukwa cha kagalasi ka m'manja.

Ndikudziwa chimene muyankhe, poti mdzukulu uja adandiyankha chomwecho. "Agogo, anthu a masiku ano ndi akathyali. Ukafunsa amakuona kuti ndiwe mlendo, ndiye amakubera." Pamenepa pali choonadi, ndipo sindichibisa. Tauni ya pa malire ili ndi adobadoba ake, osintha ndalama a m'misewu, ndi anyamata oyitanira amene amakulanda chikwama usadatsike n'komwe m'minibasi. Ukafunsa woyitanira kapena wakabaza kuti ukadye kuti, kawirikawiri amakutengera kumene iye amalandirako mbale yaulere akabweretsa mlendo, kapena kutali kuti ulendo wa njinga ukwere mtengo. Koma mankhwala a vuto limeneli ndi kudziwa woti umufunse. Funsa munthu amene sapindula kanthu ndi yankho lake: mphunzitsi, namwino amene akuweruka, mlonda wa pa sitolo, telala wa pakhonde. Woposa onse ndi mayi wogulitsa masamba ndi tomato mumsika, chifukwa iyeyo amadziwa wophika amene amadzagula zatsopano m'mawa uliwonse, ndi amene amadikira madzulo kuti atole zofota ndi zophwanyika pa mtengo wotsika. Palibe foni imene ili ndi nzeru imeneyo.

Kafunsidwe nakonso kali ndi luso lake, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Choyamba ndi moni. Munthu amene angofika ndi kunena kuti "Lesitilanti ili kuti?" ngati akufunsa chikwangwani, asadabwe akayankhidwa ndi chibwano. Chachiwiri ndi ichi, ndipo muchisunge: musafunse kuti malo abwino odyera ali kuti. Munthu wa kwathu ndi waulemu mopitirira. Akayang'ana nsapato zanu zopolisha ndi wotchi yanu, amaganiza kuti bwana ngati ameneyu sangakhale pa benchi, ndiye amakulozerani ku chitseko cha galasi chomwe chija, kumene iye mwini sadaloweko chibadwire. Amachita zimenezi pokulemekezani. Funso loyenera ndi lakuti, "Kodi inuyo mayi, mukamva njala masana mumakadya kuti?" Mukatero mwamuchotsera mantha, mwadzitsitsa kufika pa msinkhu wake, ndipo akuuzani zoona.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba, ndipo ndi kwa ukhondo. Sitingaiwale kolera amene adabuka mu Malichi 2022 napitirira mpaka 2023, mliri woopsa kuposa ina yonse ya kolera imene dziko lino lidaionapo, umene udapha anthu oposa 1,700. Amene amaopa kudya kumsika ali ndi chifukwa, ndipo ine sindingatume mdzukulu wanga kukadya pamene ntchentche zikuchita msonkhano. Ndipitirira apo ndi kuvomera chinthu chimene okonda miyambo anzanga ena sakondwa nacho: mwambo wosamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka mwana wotsiriza amene ankasamba m'madzi oderako, udali ndi ulemu wake koma udalinso njira ya matenda. Umenewo upite ndithu, ndipo sindiulira. Madzi othirirana, kapena ndowa ya kampopi ndi sopo pambali, ndi zimene muziyang'ana musadakhale pansi.

Koma ndani adakuuzani kuti chitseko cha galasi ndi ukhondo? Galasi limakuonetsani matebulo, khitchini limabisa. Kwa mayi wa kumsika zonse zili poyera: mukuona mphika uli pamoto, mukuona ngati ndiwo zavundikiridwa, mukuona madzi amene akutsukira mbale, mukuona ngakhale zikhadabo zake. Nsima ikuchoka pa mthiko kupita pa chipande, kuchoka pa chipande kugwera m'mbale yanu, nthunzi ili tolotolo. Tizirombo ta m'mimba timaopa moto, sitiopa tayi. Ganiziraninso za firiji m'dziko limene magetsi amathimathima. Nyama imauma, magetsi akazima imasungunuka, akayaka imaumanso, ndipo malo amene amalandira alendo asanu pa tsiku amaisunga choncho mpaka atapezeka woigula. Mayi wopanda firiji amapha nkhuku zake m'mawa, ndipo ikamakwana 2 koloko masana miphika ili mbee, akutsuka. Alibe mkute woti akutenthetsereni mawa. N'chifukwa chake mlendo wanzeru amadya nthawi imene eni tauni akudya, pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko, ndipo amalowa pamene pali mzere wa anthu. Galu wamkota sakandira pachabe. Woyendetsa thiraki amene wadutsa msewu umenewu zaka khumi sangaike mimba yake pachiswe, poti akudziwa kuti kutsogolo kuli ulendo wautali wopita ku Lusaka.

Tsopano za mtengo. Chiyambire pamene ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe amene angakuuzeni mtengo wa mbale ya nsima n'kukhala wolondola miyezi itatu, ndipo mitengo imene mungaione m'foni mwina idalembedwa kale zinthu zisadakwere. Funsani mtengo musadasambe m'manja. Palibe chamanyazi pamenepo. Ndaona anyamata ovala bwino akuitanitsa chakudya osafunsa, kuopa kuoneka osauka pamaso pa chibwenzi, kenaka n'kutuluka thukuta pepala la ngongole litabwera, ndalama ya basi itathera pa mwendo wa nkhuku. Ndipo pa malire pano funsaninso kuti ndi kwacha yake iti. Zambia idayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1968, ife mu 1971, ndipo anzathuwo mu 2013 adachotsa maziro atatu pa ndalama yawo. Dzina ndi limodzi koma kulemera n'kosiyana kutalitali. Mukawoloka pa Mwami, mayi akakuuzani nambala yaing'ono musavine msanga, yambani mwawerengera.

Pali khalidwe lina limene limandinyansa, ndipo ndilinena ngakhale likhudze anzanga. Munthu yemweyo amene amalipira mwakachetechete ku malo a chikwangwani, n'kusiyanso kangachepe ka mnyamata wa tayi, akafika kwa mayi wa kumsika amasanduka mkango. Amanenerera mpaka mayiyo atsale wopanda phindu, amapempha msuzi woonjezera katatu, amadandaula kuti nthuli yachepa. Kodi chilungamo chake chili pati? Wolemera mumamuopa, wosauka mumamufinya. Chakudya chotsika mtengo chimene ndikukulimbikitsanichi chatsika chifukwa mayiyo salipira lendi ya nyumba ya galasi, ndipo amagwira yekha ntchito ya anthu atatu. Akakuuzani mtengo wake, perekani, ndipo munene zikomo.

Eni malo a zikwangwani nawonso ndili nawo mawu. Mchinji ndi dziko la mtedza. Aliyense amene adayendapo kuno nthawi yokolola adaona milu yake m'minda ndi matumba ake m'misika ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda. Nanga zimatheka bwanji kuti m'buku la zakudya la masamba anayi musapezeke nkhwani wotendera? Chisoso, bonongwe, kholowa, khwanya, chigwada, therere, zonsezi mudaziona ngati zochititsa manyazi, ndipo m'malo mwake mudaika kabichi wa mafuta ndi tchipisi. Mgaiwa mumaubisa ngati mwana wapathengo, chonsecho achipatala amatiuza kuti ndiwo uli ndi chakudya chokwanira kuposa ufa woyera. Mlendo wochokera ku Lusaka kapena ku Ulaya sadayende ulendo wonsewo kudzadya zimene adazisiya kwawo zophikidwa bwino kuposa zanu. Mukadamupatsa nsinjiro za kuno akadakakusimbani. Mwataya chanu, cha eni simudachigwire.

Pobwerera ku Mkaika tidafikanso pa Boma Lolemba masana. Ulendo uno sindidapemphe chilolezo. Ndidapita kwa mayi wina wa tomato, ndidavula chipewa, tidalonjerana, ndidagulako kamulu kamodzi, kenaka ndidafunsa funso langa lija. Adaseka nati, "Agogo, ife timadya kwa amayi ena kuseri uku, koma ndi pa benchi, mukakwanitsa?" Ndidati benchi ndidakhalapo zaka makumi anayi. Adaitana kamtsikana kake kuti katiperekeze. Tidadutsa pakati pa ogulitsa usipa ndi osoka nsapato mpaka pa kanyumba kopanda chikwangwani, kansalu kali pakhomo, ndowa ya kampopi ndi sopo zili panja. M'katimo mudali anamwino awiri, wapolisi mmodzi, ndi amuna atatu olankhula Chinyanja cha ku Chipata. Tidafunsa mtengo, adatiuza. Idabwera nsima yotentha yoti chala chimabwerera, nkhuku yachikuda ya msuzi wofiira, nyemba, ndi nkhwani wotendera amene adandikumbutsa malemu amayi anga. Mdzukulu wanga adadya mitanda itatu osadzutsa mutu.

Atakhuta adatulutsanso foni ija, koma tsopano ndi mtima wabwino. Adati, "Amayi, malo ano dzina lake ndi chiyani? Ndikufuna ndiwaike pa mapu kuti anthu ambiri azibwera." Mayiwo adapukuta manja pa chitenje namuyang'ana kwa kanthawi. "Mwanangu, alibe dzina. Ndipo anthu ambiriwo ndikawaika pati? Mafuwa anga ndi a miphika iwiri. Ndikatereka wachitatu, wina upserera." Adatiwerengera chenji bwinobwino, natiuza kuti minibasi ya ku Kapiri tikaikwere msanga isadadzaze, ndipo kamtsikana kaja kadatitsogoleranso mpaka pa msewu.